Dzina lakuti "anti-masker" linachokera kuti? Zimene mlangizi wa zaumoyo anayankhula pa bwalo la mfumu

Zikomo a gulupu, zikomo mafumu nonse, azibusa, mashehe, amayi ndi abambo. Achinyamata amene mwatsamira njinga zanu kumbuyoko, tasenderani kuno, chifukwa nkhani ya leroyi mwaiyambitsa ndinu. Mukundimva bwino uko? Chabwino.

Zimene zachitika mwazimva kale. M'nyumba ina ya m'dera lathu lino mwapezeka anthu odwala chifuwa chachikulu, TB ija. Nyumbayo sindiitchula, ndipo inu amene mukuidziwa musamailoze chala podutsa. Anthuwo ayamba kale mankhwala, achira. Chandibweretsa ine ndi chimene chinatsatira. Tinaitana abale a m'nyumbamo kuti adzayezetse makhololo, ndipo pa mzere wa kuchipatala aliyense wotsokomola tinkamupatsa masiki. Mnyamata wina, chifuwa chili khokhokho, anaikana. Akuti, "Ine za masiki ayi, ndine anti-masker." Anzake kumuombera m'manja. Kenako mawu omwewo ndikuwamva pa siteji ya kabaza, ndikuwaona pa WhatsApp. Ndiye ndati tisanakambe zina, tilifufuze dzinali, chifukwa ambiri amene mukulitchula simudziwa kumene linabadwira. Lili ngati malaya a pa kaunjika olembedwa mawu pachifuwa: munthu wavala, akuyenda monyadira, osadziwa kuti zolembedwazo zikumutukwana iye mwini.

Koma ndisanapite patali, gwirani ichi, ndipo ndichibwereza mpaka chikutopetseni: wotsokomola aphimbe kukamwa ndi mphuno, ndipo apite akayezetse.

Dzinali ndi la Chingerezi, ndipo lili ndi zidutswa zitatu. "Anti" ndi mawu akale a Chigiriki, kutanthauza kutsutsa kapena kulimbana ndi chinthu. Inu mumawadziwa kale, a Anti-Corruption Bureau aja ndi olimbana ndi katangale. "Er" wa kumapetoyo amaloza munthu wochita chinthucho. Pakatipo pali "mask". Angerezi anawatenga mawu amenewa kwa Afalansa, Afalansa anawatenga kwa Ataliyana, ndipo akatswiri a zinenero akamawalondola amakafika ku mawu a Chilatini akuti "masca", omwe ankatanthauza mfiti kapena mzukwa. Ndiye poyambirira penipeni mawuwa sankanena za chipatala. Ankanena za munthu wobisa nkhope kuti asadziwike kapena kuti aopseze ena. Za kwathu kuno zofanana ndi zimenezo sindizikhudza, a mfumu angandilipitse mbuzi.

(Anthu akuseka.)

Tsopano tamverani chodabwitsa. Kwa zaka zambirimbiri ku America mawu akuti "anti-mask" ankanena za malamulo a boma oletsa munthu kuphimba nkhope pagulu. Mwamva? Boma ndilo linali lotsutsa zophimba nkhope. M'chigawo cha New York lamulo lotere linakhazikitsidwa mu 1845, pamene alimi obwereka minda ankaukira eni minda atabisa nkhope zawo. Pambuyo pake zigawo zina zinapanga malamulo ofanana pofuna kuthana ndi gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan, lija linkazunza ndi kupha anthu akuda litavala zisoti zoyera zofika kumaso. Lamulo la ku New York lija linakhala zaka 175, n'kudzachotsedwa mu 2020, chifukwa sizikanatheka kuti boma lomwelo lizinena kuti valani masiki kwinaku buku la malamulo likuti wophimba nkhope amangidwe.

Tanthauzo limene achinyamata mwatolali, la munthu wokana masiki ya matenda, lili ndi kwawo ndiponso chaka chake. Kwawo ndi mzinda wa San Francisco, m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa America. Chaka chake ndi 1918 kulowa 1919.

Agogo ena pano anamvapo kwa makolo awo za fuluwenza ya nthawi imeneyo. Inabwera Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ikutha, ndipo inapha anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lonse, kuposa amene anafa ndi zipolopolo. Ku South Africa mwezi wa Okutobala 1918 mpaka lero amautchula kuti mwezi wakuda. Kuno ku Nyasaland inafikanso, nthawi imene amtengatenga ndi asilikali ankabwerera kumudzi kuchokera ku nkhondo. Choncho mliri umenewo makolo athu anaulira maliro ake. Koma mkangano wa masiki unali wa ku San Francisco.

Kumeneko kunali dokotala wamkulu wa mzinda, William Hassler, ndi meya, James Rolph. Anthu atayamba kugwa ngati ziwala, kumapeto kwa Okutobala 1918 khonsolo inalamula kuti aliyense avale masiki akakhala pagulu. Wopezeka wopanda masiki ankalipa chindapusa cha madola 5 kapena kuposerapo, ena ankagona m'chitokosi. Poyamba anthu ambiri anamvera, chifukwa inali nthawi ya nkhondo ndipo kuvala masiki kunkaoneka ngati kukonda dziko lako. Okana anapatsidwa dzina lachipongwe, "mask slackers". Mawu akuti "slacker" masiku amenewo ankanenera mwamuna wozemba kupita ku nkhondo, wamantha amene wasiya anzake akufa. A Red Cross anafika polemba m'nyuzipepala kuti munthu wokana masiki ndi "slacker" woopsa. Ndiye onani, dzina loyamba la anthu amenewa sanadzipatse okha. Linali chitonzo.

Zinthu zinafika poipa ndithu. Wogwira ntchito za umoyo wina anawombera ndi mfuti munthu wosula zitsulo amene anakana kuvala masiki. Musandiyang'ane choncho amayi, ine mfuti ndilibe, ndili ndi sikelo ya ana ndi kabuku basi.

Nkhondo inatha pa 11 Novembala, matenda anaoneka ngati akuchepa, ndipo pa 21 Novembala masana wezulo atalira anthu anavula masiki n'kuzitaya m'misewu, chisangalalo chokhachokha. Anafulumira. Mu Disembala odwala anayambanso kuchuluka, ndipo pa 17 Januwale 1919 lamulo lija linabwerera. Apa ndiye anthu anakwiya. Anali atalawa kale ufulu, nkhondo inali itatha, panalibenso chowachititsa manyazi. Anakhazikitsa bungwe n'kulitcha Anti-Mask League, lotsogozedwa ndi mayi wina loya, Mayi E. C. Harrington. Pa 25 Januwale anachita msonkhano waukulu pa malo otchedwa Dreamland Rink, anthu osachepera 2,000. Munali madokotala ena, munali andale osagwirizana ndi meya, munali anthu wamba otopa ndi chindapusa. Zifukwa zawo zinali ziwiri: akuti masiki sizigwira ntchito, ndipo akuti boma lilibe mphamvu yolamula nkhope ya munthu. Pa 1 Febuluwale lamulo linachotsedwa, bungwe lija n'kuzimiririka. Mliriwo unapha anthu oposa 3,000 mumzindawo.

Apa mawu akuti "anti-mask" sankanena za lamulo la boma, ankanena za anthu okana lamulo la boma. Pa tanthauzo limeneli mawuwa anagona zaka zana. Mu 2020 Covid-19 itabwera anadzukanso, okana masiki n'kumatchedwa "anti-masker", mofanana ndi dzina lina limene linalipo kale la okana katemera, "anti-vaxxer". Ku America chinali chaka cha chisankho, ndipo masiki inasanduka ngati yunifolomu ya chipani: ukavala uli mbali iyi, ukavula uli mbali inayo. Pulezidenti wawo wa nthawiyo, Donald Trump, anadzaoneka koyamba pagulu atavala masiki mu Julayi 2020. Mavidiyo a anthu akukalipirana m'masitolo a kumeneko ndi amene anafika m'mafoni mwathu muno, kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, ena kutumiziridwa ndi abale a ku Joni. Ndewu ya eni ake, ya zipani zawo, ife n'kuitola.

Ndiye ndikubwereza: wotsokomola aphimbe kukamwa ndi mphuno, ndipo apite akayezetse. Kachilombo ka TB sikadziwa chipani cha ku America.

Eya bambo, ndaona dzanja lanu. Yankhulani mokweza.

(Bambo wina waimirira: "Adokotala, inu mukuyankhula bwino, koma tiuzeni zoona. Nthawi ya korona ija ife osauka ndi amene apolisi ankatithamangitsa pamsika chifukwa cha masiki, pomwe andale ankachita misonkhano anthu ali pikitipikiti opanda chophimba. Komanso inu nomwe azaumoyo poyamba munkati masiki ndi ya odwala okha, kenako mwasintha. Ndiye mwanayo walakwa chiyani kukana?")

Khalani pansi bambo, zikomo. Funso limeneli ndi la anthu ambiri amene angokhala chete pano, ndiye ndiliyankha mofatsa.

Za andale mwanena zoona, sindikutsutsani. Matendawa anapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 Epulo 2020. Boma linafuna kutitsekera m'nyumba masiku 21, khoti lalikulu linaletsa chifukwa panalibe dongosolo loti osauka adya chiyani. Kenako kunabwera kampeni ya chisankho chobwereza cha pa 23 Juni, ndipo tonse tinaona makamu a anthu m'mabwalo, mbali zonse. Mu Ogasiti ndi pamene kunabwera lamulo loti wosavala masiki pagulu alipe K10,000. Kwa mayi wogulitsa tomato ndalama imeneyo inali mpamba wonse. Mkwiyo wanu uli ndi pogwira. Ndipo musaganize kuti ndi khalidwe la atsogoleri a kuno okha. Meya Rolph uja wa ku San Francisco, amene ankalipitsa anthu, anajambulidwa pa masewera a nkhonya masiki atavula, ndipo analipa madola 50. Dokotala Hassler nayenso anali pomwepo, wosavala. Mtsogoleri akamalamula chimene iye sachita, anthu amataya chikhulupiriro.

Koma tamverani bambo. Mukumbukira Januwale 2021? Pa 12 Januwale tsiku limodzi tinataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo pulezidenti analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Zipatala zinasowa mpweya wa m'masilinda. Chinyengo cha atsogoleri chinalipo, matendanso analipo. Zonse ziwiri zinali zoona nthawi imodzi. Ukakwiyira wandale n'kukana masiki, wandaleyo samva ululu uliwonse. Amene akupuma mpweya wako ndi mkazi wako.

Za kusintha kwa malangizo, zinayenda chonchi. Kumayambiriro kwa 2020 masiki za kuchipatala zinali zochepa pa dziko lonse, ndipo ankaopa kuti anthu akazigula zonse anamwino atsala manja ali m'khosi. Chachiwiri, ankaganiza kuti wopatsira mnzake ndi yekhayo amene akuoneka kudwala. Patapita miyezi zinadziwika kuti munthu amatha kufalitsa kachilomboko asanayambe n'komwe kumva kutentha thupi. Ndiye bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO pa 5 Juni 2020 linasintha n'kunena kuti anthu avale masiki pamalo odzaza. Matenda anali achilendo, ankaphunziridwa ali mkati mopha anthu. TB si yachilendo. Kachilombo kake anakapeza Robert Koch wa ku Germany mu 1882, ndipo momwe imayendera palibe mkangano: imayenda mu mpweya, wodwala akatsokomola, akayetsemula, ngakhale akamaimba.

Ndikuuzaninso china chimene sindikubisirani. Anthu a mu 1919 aja ponena kuti masiki zawo sizinkathandiza kwenikweni, sanali kunama kotheratu. Zinali za kansalu kopyapyala ka mabandeji, koonekera kuseri. Ena ankazivala mumsewu poopa wapolisi, akalowa m'nyumba modzaza anthu n'kuvula, pomwe m'nyumbamo ndi mmene munali ngozi. Ena ankaboola pakamwa kuti azisuta fodya. Ifenso tinkachita zomwezo, musakane. Masiki pachibwano, wapolisi akaonekera pa rodibuloko ndiye kuikweza, minibasi ikangodutsa kuitsitsa. Ena masiki imodzi ankabwerekana pakhomo la banki, wotuluka kupatsa wolowa. Mayi awo akuseka, akudziwa. Imeneyo sinali masiki ya matenda, inali ya apolisi.

Pali nkhani ina imene ndimaikonda, ya zaka zochepa mliri wa fuluwenza usanafike. Mu 1910 ku Manchuria, kumpoto kwa China, kunabuka mliri wogwira mapapo umene unapha anthu pafupifupi 60,000. Boma linatumiza dokotala wachinyamata, Wu Lien-teh, ku mzinda wa Harbin. Iye anaona kuti matendawo akuyenda mu mpweya, ndipo anapanga chophimba cha nsalu zingapo zosanjikiza ndi thonje pakati. Kunabwera dokotala wamkulu wa ku France, Gérald Mesny, wodziwika, wazaka zambiri pa ntchito. Anamunyoza mnyamatayo, n'kukalowa m'chipinda cha odwala wopanda chophimba. Patangopita masiku ochepa anadwala n'kumwalira. Anali wophunzira kuposa tonse tili pano, sukulu sinamuteteze.

Ndiye funso lanu lakuti mwanayo walakwa chiyani, yankho ndi ili. A ku San Francisco ankalimbana ndi lamulo ndi chindapusa. A ku America a mu 2020 ankalimbana ndi lamulo. Nanga mwana wathuyu akulimbana ndi chiyani? Lero palibe wapolisi akumuthamangitsa, palibe K10,000. Sitinanene kuti mudzi wonse uvale masiki kumunda kapena kumjigo, ayi. Tapempha munthu mmodzi, amene akutsokomola, kuti pa mzere pamene pakhala mayi woyembekezera, pakhala gogo, pakhala munthu wa ma ARV amene chitetezo chake n'chochepa, atchinge chifuwa chakecho. Dzina limene wadzipatsalo ndi la ndewu ya nzika ndi boma. Pa benchi ya kuchipatala boma palibe, pali khanda la mnzake. Mwandimva bambo? Zikomo.

Wotsokomola aphimbe kukamwa ndi mphuno, ndipo apite akayezetse.

Ina ija yoti masiki imakubanikitsa, umapuma mpweya woipa womwe watulutsa, ndiyankhe mwachidule. Mpweya umadutsa pansalu bwinobwino, chimene chimagwidwa ndi timadontho ta malovu ndi makhololo. Madokotala a opaleshoni amakhala nayo kumaso maola ambiri akung'amba munthu, sakomoka. Kutentha ndi kusowetsa mtendere, zimenezo inde. Makanda okha musawaveke, mwana wosakwana zaka ziwiri asavale n'komwe.

Ndikuona ena mwayamba kusuzumira kumwamba, mitambo yakuda ija, ndipo amayi a kumbuyoko ayamba kumanga ana kumsana. Ndithamange, mundipatse mphindi zochepa.

Ukatsokomola milungu iwiri, bwera. Ngati uli ndi HIV usadikire milungu iwiriyo, bwera pomwepo. Kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kuonda popanda chifukwa, makhololo a magazi, bwera. Abambo amene munagwirapo ntchito m'migodi ku Joni, fumbi lija linakusiyirani mabala m'mapapo, inu ndiye musachedwe n'komwe. Kuyezetsa n'kwaulere, mankhwala ndi aulere, ndipo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Osasiyira panjira chifukwa wayamba kunenepa, ukasiya imatha kubwerera ili yosamva mankhwala, ndipo imeneyo ndi ina nkhani yowawa. Amene wayamba mankhwala avale masiki milungu yoyambirira akakhala ndi anthu m'nyumba kapena m'minibasi, mpaka achipatala atamuuza kuti basi. Masiki iphimbe mphuno, ndati mphuno, osati chibwano. Ya nsalu ichapidwe ndi sopo tsiku lililonse n'kuyanikidwa padzuwa, ya pepala ija ikanyowa itayidwe m'chimbudzi, osabwerekana. Ngati ulibe, tsokomolera mkati mwa chigongono kapena pa mpango, osalavula paliponse. Mawindo tsegulani, kutchalitchi, kumzikiti, m'kalasi, m'minibasi ngakhale kondakitala adandaule za fumbi. Ana osakwana zaka zisanu a m'nyumba ya wodwala abwere nawo, alipo mankhwala owateteza. Ndipo musamupatulire wodwala mbale yake ndi kapu yake ngati wakhate, TB siyenda pa mbale, muzidya naye.

Timabotolo ta makhololo tili ndi anzanga a komiti ya zaumoyo pansi pa mtengo wa mango uwo. Amene mukutsokomola mutenge musanapite, mubweretse mawa m'mawa, ndipo achinyamata a kabaza muyambe ndinu chifukwa mumanyamula mudzi wonse. A gulupu, mawu ndabweza kwa inu.